Ngalande Yodutsa Kumene Amuna Sauzidwa

Mwana wanga woyamba anabadwa wakufa, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Anali masana, dzuwa la ku Hwange likuwotcha malata, bambo ake ali pansi mu mgodi wa malasha. Zinthu zinafulumira moti za chipatala sitinaziganize n'komwe. Amene anandigwira ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, omwe ankakhala mzere wachitatu wa nyumba kuchokera pathu m'komboni ya Lwendulu. Ataona kuti mwana alibe mpweya anamukulunga m'nsalu, anaitana ntchembere zina ziwiri, n'kutuluka naye ngati anyamula zokachapa.

Makolo athu pochoka ku Malawi anasiya minda ndi mbuzi, koma mwambo wa nthayo anabwera nawo. Nthayo ndi mwana wotereyu, wobwerera asanalire. Samulira mokweza, samukhomera bokosi, samuikira mtanda, ndipo dzenje lake salizamitsa, chifukwa amati mukakumba mozama mwakwirira ndi mimba yomwe ya mayi wake. Amakaika ndi akazi okhaokha. Mwamuna sapitako, safunsa, sauzidwa malo. Mwamuna wanga, bambo a kwathu, atatuluka mu mgodi madzulo ake anakumana ndi azakhali pakhomo, anangouzidwa kuti mwana wabwerera, anavula chipewa chawo cha ku mgodi n'kukhala pansi pakhonde. Nkhani inathera pomwepo.

Ngakhale ine mwini mwana sindinkayenera kudziwa. Koma ine ndine wamakani chibadwire, a mzere wathu angakuuzeni. Ndinawatopetsa azakhali miyezi itatu, mpaka tsiku lina anati, tiye ku nkhuni. Kuseri kwa mzere womaliza wa nyumba, usanafike pa njanji, kuli kathengo ka minga ndi mitengo ya tsanya yopinimbira. Amuna ankangokadziwa ngati kotola nkhuni akazi. Tinakadutsa konse mpaka kumapeto, kufupi ndi njanji. Azakhali anaima, anaponda pansi kawiri ndi chidendene, n'kutembenuka kumabwerera osalankhula. Mawa lake ndinapitakonso ndekha nditabisa kanthambi ka nkhadze m'chitenje, n'kukazika pamenepo. Kanagwira. Kwa zaka khumi ndi zinayi, ndikati ndikupita ku nkhuni, ndinkabwerako ndi timitengo tiwiri tokha, ndipo palibe anandifunsa chifukwa chake.

Nkhani ya chingwe inabwera chaka chija ndalama za dziko lino zinatha ntchito, tikugula tomato ndi ndalama za eni ake. Tinamva kuti khonsolo yagwirizana ndi kampani ina kuti ikumbe ngalande kuchokera ku msewu waukulu wa ku Bulawayo, ikwirire chingwe cha intaneti, chikafike ku maofesi, ku masukulu, ndi ku Baobab kumene kumakhala mabwana. Ine nkhaniyo ndinailandira ndi manja awiri. Mng'ono wanga anali ku Joni, ndipo anthu ankati chingwecho chikabwera tizilankhula naye tikuonana nkhope. Ndinkasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde panga, ndiye aliyense wobwera kudzayesa mwana wake ankamva kwa ine ubwino wa intaneti, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo ndi kamodzi komwe. Pakamwa pangapa ndi pamene pamandipachika.

Panalinso china. Bambo a kwathu anali atakhala pakhomo chaka ndi theka, ntchito ya ku mgodi itawathera. Mwamuna wozolowera kudzuka mbandakucha akakhala pakhomo amasowetsa mtendere. Ankamasula wailesi yabwinobwino kuti aikonze, ankandiuza kasokedwe ka kolala, ankakangana ndi nkhuku za aneba. Kampani ya chingwe itayamba kulemba anthu okumba, inawatenga kukhala kapitawo, poti zokumba zinali m'magazi. Anawapatsa jekete lowala lija, ndipo tsiku loyamba anadzera nalo ku msika, ngakhale msika sunali panjira yawo. Ndinawaseka, koma mumtima ndinati Mulungu watikumbukira. Munthu uja anayambanso kuyenda mowongoka ndi kuimba mluzu posamba.

Lachiwiri lina ndinapita ku nkhuni monga mwa masiku onse. Nditangolowa m'kathengo ndinaona zikhomo zamatabwa, zopaka utoto wofiira kumutu, zitandandalika mzere wowongoka kudutsa pakati penipeni. Ndinazitsata. Chikhomo chomaliza anachikhoma pafupi ndi nkhadze yanga, moti phazi langa silikanakwana pakati pake. Ndinakhala pansi pa minga osamva kulasa. Ngalande zimene bambo a kwathu ankakumba ndinali nditaziona ku msewu, zinkafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, pamene mwana wanga anagona kosapitirira mkono.

Ndinathamangira ku msika kumene azakhali ankagulitsa tomato ndi fodya wa mphuno.

"Azakhali, zikhomo zija mwaziona?"

"Maso ndili nawo."

"Ndiye titani?"

"Tikadandaula za madimba."

"Madimba ati? Kuja kumamera minga yokhayokha!"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera pansi pa thebulo lawo ngati tikusankha tomato wowola. "Ndiye ukufuna tikanene chiyani pamaso pa amuna? Ndiponso iwe, sudziwa kuti boma limafuna pepala munthu asanaikidwe m'nthaka? Ndani wa ife ali ndi pepala? Chitupa changa chili ndi chilembo cha obwera, chonsecho ndinabadwira pa mgodi pompano. Ukufuna ndikagone ku polisi ndi nyamakazi yangayi? Thula, mntanami. Tseka pakamwa, tiwazungulira mwa njira ina."

Njira inayo tinaiyesa Loweruka, pa msonkhano wa mu holo ya komboni. Kunabwera khansala wa dera lathu ndi injiniya wa kampani, mwamuna wodekha, wa tindevu tochepa, atanyamula mapu aakulu okulunga. Amuna ndiwo anayamba. Wina anati madzi sitinawaone pa mpopi sabata yonse, inu mukutibweretsera intaneti, kodi tizisamba intanetiyo? Anthu anaseka. Wina anafunsa ngati mapiki sadzaboola mapaipi okalamba aja. Mkulu wina wopuma ntchito anakumbutsa za moto umene umayaka pansi pa nthaka m'malo ena muno, kuti chingwecho chingadzapse. Wina anati akuba adzachifukula poyesa ndi waya wa kopa. Injiniya anayankha onse bwinobwino, anati mkati mwa chingwecho muli tingwe ta galasi, wakuba sangagulitse kulikonse.

Kenako akazi tinayamba mabodza athu. Sindinamvepo akazi a tchalitchi akunama motsatizana chotere. Wina anati kuthengoko kuli dimba lake la chinangwa. Wina anati ana adzagwera m'ngalande. Wina anati chingwe chimaitana mphenzi. Azakhali anaimirira ndi ndodo yawo n'kunena kuti mukasokoneza kuja njoka zonse zisamukira m'nyumba. Injiniya ankalemba chilichonse, n'kuyankha mwaulemu. Dimba tidzalizungulira mukationetsa. Ngalande tizikwirira tsiku lomwelo. Galasi siliitana mphenzi. Ankatseka mabowo athu limodzilimodzi, ndipo ine ndinadana naye chifukwa cha kuleza mtima kwakeko. Akanakhala wamwano tikanapeza poyambira.

Ndiye bambo a kwathu anaimirira, atavala jekete lawo lowala ngakhale linali Loweruka.

"Amayi athuwa angokhala ndi mantha ndi zachilendo," anatero akumwetulira. "Ine ndakulira muno. Thengo limenelo ndinkatcherako mbalame ndili wamng'ono. Kulibe kanthu kuja, ndi minga ndi zitini basi."

Amuna anaomba m'manja. Ine ndinangoyang'ana msana wa mwamuna wanga. Mayi wina amene anakhala pambali panga anandifinya dzanja mpaka zala kuwawa, koma nkhope yake inali kutsogolo. Mpaka tsikulo sindinkadziwa kuti nayenso amapita ku nkhuni.

Mwina mukuti bwanji sindinangowauza kunyumba, poti tinkagona chipinda chimodzi. Ndinayesa. Zinakanika. Chinthu chimene wauzidwa ndi ntchembere uli pa mphasa ya uchembere, magazi asanaume, sichichoka m'thupi chifukwa choti wawerenga mabuku awiri. Komanso khoswe anali atakhala pa mkhate. Ndikawauza, achite chiyani? Akane ntchito imene yawabwezera ulemu? Kapena akumbe akudziwa? Ndinangozungulira ngati azakhali.

"Bambo, bwanji chingwecho osachidutsitsa m'mbali mwa msewu?"

"Kumeneko kuli mapaipi ndi thanthwe. Kuthengo kuja dothi ndi lofewa."

"Mufikako liti?"

"Masabata awiri. Tikadalimbana ndi mwala ku msewu." Anandiyang'ana akuseka. "Amayi, inu zisokani. Zokumba tisiyireni eni ake."

Masabata awiri ndinawamva bwino, ndipo ndinawakhulupirira. Lachinayi lotsatira kunali msonkhano wa khonsolo yonse, umene anthu wamba amaloledwa kukhala kumbuyo ndi kupereka madandaulo olembedwa. Akazi anandisankha kulemba kalata, poti ndine ndinkalemba zooneka. Ndinalemba za madimba osakhalapo, za ana, ndi za njoka za azakhali. Tinakwera kombi, minibasi ya kuno, akazi asanu ndi mmodzi, titavala ngati tikupita ku mgonero.

Chipinda cha khonsolo chinali ndi thebulo lalitali ndi fani imodzi yozungulira mwaulesi. Tinadikira m'mawa wonse akukambirana za mabini a zinyalala, za malo ogulitsira nsomba zouma, ndi za galimoto ya khonsolo imene inafa matayala. Ine thukuta linali kamukamu. Pomaliza wapampando, mkulu wachinambya, mtundu wa eni nthaka kuno, wa imvi ndi mandala, anawerenga kalata yathu. Anaiwerenga mwaulemu mpaka kumapeto, ngakhale pa njoka paja makhansala ena anabisa pakamwa. Anati nkhawa zonsezi zinayankhidwa kale ku holo, ntchito ipitirire monga mwa mapu. Anatembenuza pepala kuti apite pa nkhani ina.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinangopezeka ndaimirira. Azakhali anandikoka chitenje, ine ndinachimasula m'manja mwawo. Mlonda wa pakhomo anati, "Mama, hlala phansi," akundilozera mpando, koma wapampando anakweza dzanja kuti andisiye. Chindebele ndimachilankhula ngati madzi, Chingerezi ndimayesetsa, koma zimene zinatuluka m'kamwa mwanga zinali Chichewa cha mayi anga, moti kalaliki wina wa kwathu komweko anayamba kumasulira.

"Bwana wapampando, kalatayo ndalemba ndine, ndipo ndi bodza lokhalokha. Kulibe dimba kuja. Kuli ana. Ana athu obadwa akufa timakaika kumeneko, akazi okha, kuyambira makolo athu atafika pa mgodi uno. Wanga ali kumapeto, pafupi ndi njanji, pamene pali chikhomo chanu chomaliza. Sanapite pansi kwambiri. Piki yoyamba imupeza."

Womasulira uja anaima pakati, kenako n'kumaliza mawu ake motsitsa. Wapampando anavula mandala. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma nkhope ya mkuluyo inali ya munthu amene waponda mwana mumdima.

"Besingazi, mama," anatero. "Sitinkadziwa." Anayang'ana mzere wathu n'kusankha wamkulu pa tonse. "Gogo, inu ndinu akuluakulu. Zimene akunena mayiwa ndi zoona?"

Azakhali anga, amene anamunyamula mwanayo ndi manja awo, amene anandipondera pansi kawiri ndi chidendene, anayang'ana pa zenera.

"Ine kuja ndimadziwako nkhuni basi."

Ndinayang'ana anzanga anayi aja. Wina ankakonza duku, wina ankafunafuna kanthu m'chikwama, awiri anangoti maso pansi. Ndinafuna kukuwa, kuwatchula mmodzimmodzi ndi zaka zimene anapita padera, koma ndinawasiya. Ndinatsala chiimire ndekha pakati pa amuna a mataye, ngati wamisala wa pa siteshoni.

Wapampando anapukuta mandala ake. Kenako anati m'mabuku a khonsolo mulibe manda pamalo amenewo, palibe mtanda, palibe mboni, ndipo iye sangaimitse ntchito ya tauni yonse ndi mawu a munthu mmodzi. Koma anati mawa m'mawa abwera yekha ndi injiniya, ndidzawaonetse. Pakakhala chooneka adzasuntha mzere, pakapanda chooneka ntchito ipitirira. Ndinathokoza, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti ndikawaonetsa chiyani. Nkhadze imamera paliponse.

Mu kombi pobwerera palibe anandilankhula. Anandisiyira mpando wonse ndekha, chinthu chosachitika mu kombi ya ku Hwange. Titatsika, azakhali anadutsa pafupi nane n'kunena liwu limodzi osandiyang'ana.

"Wativula."

Nkhani imathamanga kuposa kombi. Nditafika pakhomo ndinapeza bambo a kwathu abwera kale, dzuwa likadali pamwamba. Anakhala pakhonde pafupi ndi makina anga, jekete lili pansi, nsapato zadothi zikadali kuphazi. Ndinadziwa kuti amva. Ndinali nditanola lilime njira yonse, ndikuti akangoyamba zoti ndawachititsa manyazi pamaso pa mabwana awo, ndiwauza zonse zimene ndinasunga zaka khumi ndi zinayi, aneba amve. Koma sanayambe. Ndinawaikira madzi osamba, anazizira. Ndinawaikira chakudya, sanachikhudze. Ana anaona mmene zinthu zinalili n'kukadyera kuseri. Ine ndinati ndi mkwiyo, ndipo ndinakwiya nawo koposa.

Dzuwa litapendeka anafunsa, maso ali pa nsapato zawo, "Mawa mupita nthawi yanji?"

"Likangotuluka."

"Ndipita nanu."

Mwamuna sapitako. Ndinatsegula pakamwa kuti nditero, koma ndinakumbukira kuti amene anaphwanya mwambo poyamba ndine. Ndinangolowa m'nyumba.

M'mawa tinanyamuka, ine patsogolo, iwo pambuyo patali pang'ono, ngati anthu osadziwana. Ndinkayembekeza kukaima ndekha pa nkhadze yanga, mabwana n'kundiyang'ana mwachisoni, n'kubwerera ku galimoto yawo. Titakhota pa nyumba yomaliza ndinaima chilili.

M'kathengo monse munali akazi. Sanasonkhane pamodzi ngati pa maliro, sankaimba, sankapatsana moni. Aliyense anaima payekha, pamalo pake, wina pansi pa tsanya, wina pakati pa minga, wina pa chulu, manja atapinda pachifuwa, maso kutsogolo. Analipo a kwathu, analipo a mabanja a ku Mozambique ndi a ku Zambia, ena okalamba oti sindinawaone panja chaka chonse, ena aang'ono kwa ine. Anzanga anayi a mu kombi aja analipo. Azakhali anatsamira ndodo yawo pafupi ndi chitsa china, ndipo nditawadutsa sanaphethire n'komwe. Pakamwa anakana dzulo, koma miyendo inawabweretsa.

Mayi wina wa mzere woyamba, wogulitsa mandasi, ndinamuona akuvutika. Ankaima apa, n'kusunthira apo, n'kubwereranso. Kenako anavula nsapato, imodzi anaika pamalo poyamba, inayo pachiwiri, iye n'kukaima pachitatu wopanda nsapato, pa minga. Mayi ameneyo tinkaseka naye tsiku ndi tsiku ku mpopi.

Chimene chinandimaliza ndi mayi anga ondibereka. Ndinawasiya dzulo lake akudandaula bondo, akuti sangafike ndi ku tchalitchi komwe. Anali ataima pakati pa zikhomo ziwiri zofiira, atavala duku lawo la Lamulungu. Tinayang'anana. Ine ndinkadziwa kuti kwathu tinabadwa asanu, ndipo asanu tonse tinali moyo. Iwo anangotembenuzira nkhope kumbali.

Galimoto ya khonsolo inaima kumapeto kwa mzere. Wapampando anatsika ndi injiniya, mapu ali m'khwapa. Nthawi yomweyo gulu la okumba linatulukira ndi mapiki ndi mafosholo pamapewa, amuna a m'komboni mwathu momwemo, akucheza mokweza. Macheza anaduka. Ndinaona mwamuna wina akuzindikira mkazi wake pakati pa minga, wina mayi ake, wina mlongo wake. Mmodzi anatsitsa piki pang'onopang'ono n'kuigoneka pansi ngati ingadzutse munthu. Wapampando sanafunse funso ndi limodzi lomwe. Anavula chipewa. Injiniya anayang'ana akaziwo, anayang'ana mzere wa zikhomo zake, anapatsira wapampando mapu, n'kuyamba kuzula zikhomozo yekha ndi manja. Chingwecho pambuyo pake chinadzera m'mbali mwa msewu, pa thanthwe pomwe paja, ndipo palibe anaitanidwa ku polisi.

Koma ine ndinali ndisanafike pamalo panga. Ndinadutsa pakati pa akaziwo kulunjika ku njanji, mtima utayamba kutsika, ndikuti mwana wanga wapulumuka. Bambo a kwathu ankabwera pambuyo, ndinkamva nsapato zawo. Nditapitirira tsanya womaliza ndinaona mulu wa dothi lofiira, lofukulidwa kumene. Kuseri kwake kunali ngalande, yoyambira pa mpanda wa njanji, yowongoka bwino, yakuya mpaka m'chiuno, yotalika ngati nyumba ziwiri. Nkhadze yanga inali pamwamba pa muluwo, mizu kumwamba, masamba atayamba kufota.

Ndinangoima m'mphepete mwa ngalandeyo, kuyang'ana pansi pake posalala, pamene panalibe chilichonse.

"Dzulo mwala unatikanika ku msewu," anatero bambo a kwathu kumbuyo kwanga. "Makina oswera sanabwere. Ndinati tsiku lisapite pachabe, tiyeni tikayambire ku njanji kofewa. Palibe ananditumiza, ndinaganiza ndekha. Masana kunabwera munthu pa njinga, akuti akazi anu alankhula ku khonsolo. Ndinaimitsa anthu pomwepo." Anapuma. "Chiyambire dzulo ndakhala ndikuti mwina sitinafikepo. Amayi, wathu ali pati?"

Ndinaloza nkhadze.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Nkhope ija ndinakhala nayo zaka zambiri, ndinaiona pa maliro a bambo awo, ndinaiona tsiku limene ntchito inatha, koma chotere ndinali ndisanaione.

"Pamenepo ndinakumba ndine," anatero. "Anzanga ankaopa utomoni wake kuti ungawagwere m'maso. Ndinati ayikhona, ndipatseni piki."

Anagwada pa mulu uja n'kuyamba kupalasa dothi ndi zala, pang'onopang'ono, akufumbata, kuyang'ana, n'kuika pambali. Ndinagwada nawo. Ndinamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwathu, azakhali atasiya malo awo.

"Apongozi, mwamuna sagwira zimenezi," anatero, koma mawu ake analibe mphamvu.

"Ndagwira kale, azakhali," anayankha osadzutsa mutu. Anafumbatanso dothi lina. Kenako anafunsa, "Anali mwana wanji?"

Anafunsa ine, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti sindikudziwa. Tsiku lija anamukulunga ndisanamuone, ndipo pa miyezi itatu yonse imene ndinavutitsa azakhali ndinkangofunsa malo. Tonse awiri tinatembenukira kwa iwo. Anayang'ana njanji, anatafuna m'kamwa mopanda kanthu.

"Wamkazi," anatero. "Anali ndi tsitsi lambiri."

Tinapalasa mulu wonsewo mpaka dzuwa kufika pamutu. Tinapeza timiyala, mizu, makala, ndi chitsekero cha botolo. Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, zaka khumi ndi zinayi m'nthaka yotentha ya kuno, sasiya chimene diso lingasiyanitse ndi dothi. Anzawo aja anabwera ndi mafosholo kuti athandize kukwirira, koma bambo a kwathu anawabweza onse. Analowa m'ngalandemo n'kuyamba kubwezera dothi ndi manja, kutapa ndi zikhatho ziwiri, kutsitsa mpaka pansi, kuika bwinobwino osaponya, n'kutapanso. Wina anawauza kuti mwa njira imeneyo samaliza lero. Iwo anati awasiye, chifukwa sakudziwa kuti mwana wawo ali m'dzanja liti.